Mpira wa chikho ku Fatima Loweruka: ndidzere ku Thabwa kapena ndiwoloke pa boti?

Wa_pa_Nchalo

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Loweruka likubwerali kuli masewero a chikho, ndime ya m'boma, pabwalo la sukulu ina cha ku Fatima kwa Mlolo. Matimu onse awiri ndi a m'midzi, sali mu ligi yaikulu iliyonse, ndipo ine ndilibe mbali, ndikungofuna kukaonera mpira basi. Akuti uyamba 2:30 masana. Ndinyamukira pa Nchalo, galimoto ndilibe. Njira yabwino ndi iti, ya ku Thabwa kapena ya ku Bangula yowoloka madzi? Kubwerera tsiku lomwelo n'kotheka? Nanga mlendo wosachemerera timu iliyonse amaima pati kuti asalowe m'mavuto a eni ake? Kutentha kwa Okutobala ndikukudziwa, komabe ngati pali zoti ndinyamule, nenani.

MsewuWaM1

Achimwene, kupita mupita ndithu, njira zonse ziwiri zikufikitsani. Chovuta ndi pobwerera, ndiye yambani kukonza kumeneko.

Ya ku Bangula ndiyo yachidule. Pa Nchalo mukwere minibasi kapena Sienta yolowera ku Nsanje, mudutse Ngabu ndi Sorgin, makilomita pafupifupi 50 a phula. Mukatsika pa Bangula mutenge kabaza mpaka padoko la Mtayamoyo. Madzi anadula msewu ndi njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo anthu amawoloka pa maboti ndi mabwato. Ruo naye anasintha njira pa madzi osefukira a 2015 n'kusiya Makhanga ngati chilumba, choncho malinga ndi mmene madzi alili mutha kuwolokanso kachiwiri musanafike ku Fatima. Zimenezo mufunse eni maboti padoko pomwepo musanakwere, ndiwo amadziwa za tsikulo.

Boti silinyamuka ndi wotchi, limadikira lidzaze. Kukwezamo njinga zamoto, matumba a chimanga ndi mbuzi kumadyanso nthawi, ndiye pa kuwoloka kulikonse ikanipo ola lathunthu ngakhale pamadzi penipeni ndi pafupi. Likakhalapo la injini sankhani limenelo. Mukaona m'mphepete mwa boti mwatsala pang'ono kufanana ndi madzi, lisiyeni lipite, mudikire lina. Manja asalowe m'madzi, ng'ona ndi mvuu kumeneko n'zosayamba. Foni ndi ndalama muzikulunge m'jumbo. Mtengo mumve musanakwere ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono, ma K500 ndi ma K1000, chifukwa wa boti mukamupatsa K5000 chenji chake mudzachidikira mpaka tsidya.

Ya ku Thabwa ndi yozungulira. Mubwerera kumtunda kudzera pa Dyeratu, muwoloke mlatho wa Kamuzu, mutsike pa rodibuloko ya Thabwa, kenako mugwire msewu wa East Bank wodutsa Livunzu ndi Masenjere, makilomita pafupifupi 60 kukafika ku Fatima. Ubwino wake simukwera boti. Kuipa kwake, msewuwu umadula mitsinje yambiri yotsika m'mapiri a Thyolo, ndipo malo ena anaonongeka ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, galimoto imangoyenda chokwawa. Chinanso chomwe alendo sachiganizira: magalimoto ambiri a kumeneko amatuluka m'mawa kupita ku Thabwa n'kubwerera masana. Inu mukhala mukuyenda mosemphana nawo, m'mawa mukulowa iwo akutuluka, madzulo mukufuna kutuluka iwo ataimika kale. Pa Thabwa mutha kukhala m'matola maola awiri akuitanira anthu.

Ine ndinganene kuti dzerani ku Bangula, munyamuke pa Nchalo isanakwane 7 koloko, mukagone komweko, mubwerere Lamulungu m'mawa. Pamsika wa Fatima malo ogona amapezeka, koma chipinda mukachipeze ndi kulipira mpira usanayambe. Mukakakamira zobwerera tsiku lomwelo, panganani ndi wa njinga yamoto mmodzi wa tsidyalo kuti akhale wanu mpaka madzulo. Mumupatse theka la ndalama pofika, theka linalo pobwerera, mutenge nambala yake, ndipo muone ndi maso anu kuti wathira mafuta. Petulo wa kumeneko ndi wa m'mabotolo, madzulo amatha. Mukamulipira zonse poyamba, nthawi ya mapenate mudzamupeza wanyamula wina.

Woyimbira_Wopuma

Za njira a MsewuWaM1 anena zoona. Ine ndikambe za pabwalo, akulu, chifukwa 2:30 mwauzidwayo musaikhulupirire.

Lachisanu madzulo, komanso Loweruka m'mawa musanatuluke m'nyumba, imbirani munthu wa m'komiti yoyendetsa chikhocho kapena mlembi wa timu ya pakhomo. Uthenga wa pa WhatsApp wa Lolemba umakhala utatha ntchito. Masewero a ndime zoyambirira amalephereka pa zifukwa zomwezomwezo: m'mudzi mwagwa zovuta ndipo amfumu aletsa phokoso, bwalo latengedwa ndi msonkhano wa chipani kapena wa mpingo, timu yoyenda yasowa ndalama ya lole, kapena pali dandaulo la ndime yapita lomwe komiti sinaliweruze, ndiye sizikudziwika kuti asewere ndani. Mufunsenso dzina lenileni la sukuluyo. Anthu akati "ku Fatima" amatanthauza dera lonse, mutha kukapeza kuti bwalolo lili ulendo wa ola lathunthu wapansi kuchokera pamsika.

Mpira wa mtundu uwu umachedwa kuyamba. Timu yoyenda imafika mochedwa, mizere akuthirabe phulusa, mpira weniweni ulipo umodzi ndipo pampu yapita kukabwerekedwa, oyimbira akufuna ndalama yawo m'manja wezulo asanalire. Chodya nthawi kwambiri ndi kuona makhadi a osewera. Pa chikho timu iliyonse imayesa kulowetsa aganyu, anyamata ochokera ku matimu a m'ligi omwe sanalembetsedwe, ndipo anzawo akamuzindikira mmodzi yekha mkangano wake ndi wa mphindi 20. Tiyerekeze kuti wayamba 3:15. Zigawo ziwiri za mphindi 45, kupuma mphindi 15, nthawi yowonjezera ndi yomwera madzi, mwafika cha m'ma 5:10. Zikho zambiri za m'maboma matimu akalepherana amapita ku mapenate osawonjezera mphindi 30. Kuchotsa anthu m'bwalo, kulemba mayina a omenya ndi kumenya kwenikweniko ndi mphindi zina 15 kapena 20. Ndiye kuti mwatha cha m'ma 5:30, pomwe mwezi uno dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Kuchokera pabwalo kukafika padoko kuli kale mdima. Pa boti usiku ayi.

Poima, pitani mbali ya kumadzulo, pa mzere wapakati. Dzuwa likhala kumsana kwanu, ndipo nthawi zambiri ndi pomwe amaika mabenchi a amfumu, aphunzitsi ndi a komiti. Muwapatse moni, munene komwe mwachokera ndi kuti mwangobwera kudzaonera. Akakulankhulani m'Chisena kapena m'Chimang'anja inu yankhani m'Chichewa, mumvana bwinobwino. Munthu amene wadzinena kwa akuluakulu savutitsidwa. Kuseri kwa magolo kusiyireni anyamata a ng'oma ndi omwe adutsira ku kachasu.

Musaganize ngati muli ku bwalo la Kalulu la pa Nchalo komwe kuli mpanda ndi geti. Kuno chotchinga ndi chingwe, mwinanso palibe, ndipo mzere wa anthu umasuntha kutsatira mpira. Mlendo wosadziwika, wonyamula chikwama, amene wafika molawirira n'kumazungulira bwalo, amamuganizira msanga kuti watumidwa kudzatsirika. Choncho musadutse pakati pa bwalo mpira usanayambe kapena pa nthawi yopuma, zungulirani kunja. Mitengo ya golo musaikhudze. Kabotolo kapena kansalu komwe goloboyi waika mkati mwa golo musakayandikire, ngakhale kagwere kumapazi kwanu. Kaya inu za mankhwala mumazikhulupirira kaya ayi, eni bwalo ndiwo ali ndi mawu, ndipo timu yawo ikagonja amafuna wom'loza chala.

Tsono pali zinthu zomwe amapempha makamaka munthu wopanda mbali, ndipo zonse muzikane mwaulemu. Magolo ambiri a kusukulu ndi mitengo ya bulugamu yopanda ukonde, mtanda wa pamwamba wopindika pakati chifukwa ana amalendewerapo. Mpira ukadutsa mothamanga pafupi ndi mtengo, theka la anthu liti walowa, theka liti wadutsa kunja. Pamenepo wina atembenukira kwa inu: "Akulu, inu ndinu alendo, simunama, mwaona bwanji?" Yankho lake ndi lakuti anthu anakutchingani. Ngati mumajambula pafoni, ilowe m'thumba nthawi yomweyo. Woyimbira wa pabwalo lotere saloledwa kuweruza poonera kanema wa munthu, ndiye kanema wanuyo sasintha chigamulo, angokusandutsani mboni ya mbali imodzi ndipo foni ikhoza kuyenda m'manja mwa anthu osabwerera. Chomaliza, obetcha amakonda kusungitsa ndalama kwa mlendo poti alibe mbali. Musalandire. Mpira ukathera panjira chifukwa cha mdima kapena chipolowe, aliyense amati wapambana ndi iye, ndipo ndalama zili m'thumba mwanu.

Nthawi ya mapenate anthu amalowa m'bwalo n'kuzinga golo lomwe lasankhidwa. Inu khalani pomwe munali, kapena yambani kusendera cha ku njira yotulukira. Lamulo limati amenye okhawo amene anali m'bwalo wezulo womaliza akulira, ndipo ngati timu ina yatsala ndi osewera ochepa, inzake ichotse ena kuti chiwerengero chifanane. Ochemerera ambiri lamulo lachiwirili salidziwa, ndipo ndewu zimayambira pamenepo.

Mai_a_Chisomo_Ngabu

Bambo, mwati kutentha mukukudziwa, koma kukhala pakhonde pa Nchalo ndi kuima pabwalo lopanda mthunzi kuyambira 1 koloko mpaka 5 n'zosiyana. Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40.

Madzi munyamule malita atatu, osachepera. Botolo limodzi la malita awiri muliike mufiriji Lachisanu kuti liume, mulikulunge ndi chitenje kapena nyuzipepala. Pofika 2 koloko likhala litasungunuka koma lozizira. Osadalira mjigo wa pasukulu, mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere, ina inafa kalekale. Madzi omanga m'timapepala ndi mafirizi ogulitsa ana simudziwa kuti anatungidwa kuti, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira. Tengani mapaketi awiri a Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi. Akasowa, lita imodzi ya madzi abwino muthiremo masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanafike. Mowa masana otere umangochotsa madzi m'thupi.

Chipewa cha mlaza chachikulu chimaposa kapusi chifukwa chimaphimba khosi ndi makutu. Ambulera ndi yabwino podikira, koma mpira ukayamba a kumbuyo kwanu akuuzani kuti muitsitse. Nsapato zikhale zotseka, m'mphepete mwa mabwalo a kusukulu mumakhala minga ndipo mchenga wa padoko umawotcha.

Mukamva mutu kuwawa, chizungulire, nseru kapena miyendo kukokana, chokani pagulu, khalani pamthunzi, masulani malaya, dzithireni madzi m'mutu ndi m'khosi, imwani ORS. Mukaona wina wayamba kubwebweta, kusokonezeka kapena wakomoka thupi lili moto, ameneyo ndi wa kuchipatala msanga, muzimuthira madzi ndi kumukupiza m'njira monse. Chachikulu chapafupi ndi cha Trinity ku Muona komweko.

Nsima mudye pamsika musanapite kubwalo. Kubwaloko mupeza mandasi, nzimbe, thobwa, mwina kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya. Gulani chomwe chikuchoka pamoto inu mukuona. Mukagona, funsani ngati m'chipindamo muli neti ndipo muitambasule kukadawala muone mabowo. Udzudzu wa m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh suchita nthabwala.

Wa_pa_Nchalo

Zikomo nonse. Ndiye ndikagona komweko. Koma wina wandiuza kuti timu yoyendayo ichokera mbali ya kumtunda cha ku Livunzu ndipo ibwera pa lole, akuti ndingathe kukwera nawo pobwerera mpaka kufupi ndi Thabwa. Zimenezi mukuziona bwanji? Komanso ndivale chiyani? Jezi yomwe ndili nayo ndi yofiira.

Sapota_wa_Chigwa

Jezi yofiirayo isiyeni kunyumba, achimwene. Kuno kofiira ndi koyera anthu amaona Bullets, kobiriwira ngati mtambo amaona Manoma kapena Silver, ndipo matimu a m'midzi amavala yunifolomu iliyonse yomwe wowathandiza anagula. Mutha kukapeza kuti alendowo avala zofiira, inu mwasanduka wawo musanatsegule pakamwa. Pomuimbira mlembi uja mufunsenso mitundu ya matimu onse awiri. Malaya wamba otuwa kapena a khaki ndiwo abwino. Zakuda zokhazokha, kuphatikiza kabuku ndi cholembera, akutengani ngati mwabwera ndi oyimbira kapena ndinu wa komiti, madandaulo onse abwera kwa inu.

Za lole ndikusiyana pang'ono ndi amene anakuuzaniyo. Zimadalira zotsatira, ndipo zotsatira simuzidziwa mpaka 5:30. Alendo akagonja mwamtendere, lole imanyamuka bwino, kungoti m'menemo muli anthu okwiya, ndipo inu amene munaombera m'manja chigoli cha eni bwalo akukumbukirani. Akapambana, makamaka pa penate yokanganirana, lole ndiyo imalandira miyala potuluka. Komanso lole imathera kwawo kwa timuyo. Ikakutsitsani cha ku Livunzu 8 koloko usiku, mwatsala ndi ulendo wokafika pa Thabwa, kenako kudikira galimoto ya ku Nchalo pa rodibuloko. Onjezani kuti ndi lole ya matani atatu yodzaza anthu oimirira, mumsewu wokumbika, usiku. Chipinda chanu chilipireni basi. Lole ikhale ya pangozi yokha.

Pa zoombera m'manja, a Woyimbira_Wopuma sanakambepo. Wopanda mbali saletsedwa kusangalala. Chenga chabwino, goloboyi akauluka n'kuchotsa mpira pakona, ombani m'manja, mbali zonse mofanana. Chigoli chikalowa ana ndi amayi amathamangira m'bwalo, fumbi kobo, nyimbo, ena kugubuduka. Inu imani pomwepo, zimenezo n'za eni ake. Woyimbira musamunene, ngakhale a pambali panu akumutukwana ndipo inunso mukuona kuti walakwitsa. Wokweza mbendera nthawi zina amakhala munthu wongotengedwa pagulu, mbendera yake ndi nthambi kapena malaya, ndiye za ofusayidi musazitengere kumtima.

Muone kaseweredwe kake, n'kosiyana ndi ka pa kapinga. Bwalo la dothi louma mpira umadumpha mosayembekezeka, ndiye matimu odziwa samapatsirana kumbuyo, amaponya mipira italiitali kwa anyamata othamanga a m'mbali, ndipo goloboyi wanzeru salola mpira kugunda pansi patsogolo pake. Ena amasewera ndi nsapato, ena ndi zigoba zakutha, ndiye woyimbira wabwino amayendera mapazi a onse asanayambe. Chigawo choyamba amathamanga ngati alibe mawa. Zigoli zambiri muziyembekezere mphindi 20 zomaliza, kutentha kukawamaliza otchinga kumbuyo. Timu yomwe ili ndi osinthira enieni pabenchi ndi chigubu cha madzi chokwanira ndiyo imaoneka bwino kumapeto.

Musadabwe kuona anthu akulimbana chonchi pa mpira wa pasukulu. Zikho zina masiku ano zimayambira pansi penipeni. Castel Challenge Cup, yomwe inayamba mu 2023, imatenga matimu kuyambira m'maboma, opambana n'kumakwera mpaka kukakumana ndi matimu a ligi yaikulu. FDH Bank Cup, yomwe inayamba mu 2021, nayo yakhala ikupatsa mpata matimu a m'maligi a m'zigawo. Mu 2022 timu yachisodzera ya Bullets inafika mu ndime yomaliza ya chikho chimenechi n'kukumana ndi akuluakulu awo omwe, ndipo mu 2024 Blue Eagles inatenga chikhocho pogonjetsa Bullets pa mapenate ili kunja kwa ligi yaikulu ya Super League. Kwathu kuno Nchalo United inasewerapo mu Super League mu 2018. Mnyamata wa ku East Bank zimenezi amazidziwa, ndipo amadziwanso kuti pa chikho ndi pomwe makochi a matimu a m'ligi amabwera kudzasaka osewera. Mwina inunso akuyesani mmodzi wa iwo, wina n'kukubweretserani mwana wake kuti mumuone. Nenani poyera kuti sindinu, musalonjeze kanthu.

Ndalama ya pakhomo mwina ikhalapo, mwina ayendetsa mbale kapena chipewa pa nthawi yopuma. Ponyanimo, ndiyo imalipira oyimbira ndi kugula mpira wina. Ikhale m'thumba lapadera kuti musamatulutse chikwama chonse pagulu. Airtel Money ndi Mpamba musazidalire kubwalo, netiweki imadukaduka ndipo ma ejenti Loweruka madzulo ndalama zimawathera. Tapani pa Nchalo kapena pa Bangula.

MsewuWaM1

Ndiwonjezere kamodzi poti mwasankha zogona. Lachisanu muyang'ane kumapiri a Thyolo ndipo mumvere zanyengo pa wailesi. Kumapeto kwa Okutobala mvula ya chizimalupsa imatha kugwa kumtunda kokha, kuno kuli dzuwa, madzi n'kutsika usiku m'mitsinje ya East Bank. Zikatero njinga zamoto zimadikira kuti madzi aphwe, ndipo eni maboti amasintha pokocheza. Lamulungu m'mawa imbirani wa njinga uja musanachoke pamalo ogona, akuuzeni ngati njira ya kudoko ikudutsika. Mufike padoko cha m'ma 7, mphepo isanayambe pamadzi. Lamulungu magalimoto amachepa, ndiye pa Bangula mukwere iliyonse yolowera ku Blantyre yomwe yatsala pang'ono kudzaza, onse amaima pa Nchalo.